Botolo Lopanda Dzina ndi Chala cha Marita

Tadala ndi Limbani, ana anga, mwakhala mukundiseka kuti mayi wanu anathera zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ataweramira zala za eni ake ngati wataya singano. Sekani, ndinu okhuta. Tsopano maso akana ntchito, chifuwa nachonso chatopa ndi fumbi la zikhadabo, ndiye ndati ndilembe m'kope muno zomwe ndinaona pa tebulo lija ndisanayambe kusokoneza mayina. Iwe Tadala unandifunsa uli wamng'ono chifukwa chake chikhadabo cha kachala kanga kakumanzere chinapindika chonchi, ine n'kukuyankha kuti chinali chitseko. Sindinakunamize, chitsekocho chinalipodi. Koma nkhani yake ndi yaitali kuposa chitseko, ndipo muli munthu wina amene simunamuonepo.

Chaka choyamba, ku Lilongwe

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza bambo anu atavulala msana n'kusiya ukalipentala. Mayi wina dzina lake a Zelifa anandilemba mu saluni yawo kuti ndizitsuka tsitsi la makasitomala ndi kusesa, basi. A Zelifa anali ataphunzira zokongoletsa zikhadabo ku Joni, ndipo pakamwa pawo panali poyabwa, koma manja awo, abale inu, anali odalitsika. Tsiku loyamba ndinaona akuviika kabulashi m'madzi ena onunkha, n'kukagunditsa pa ufa woyera, ufawo n'kusanduka kampira konyezimira. Anakaika pa chikhadabo cha mayi wina, anadikira pang'ono, n'kukakanikiza, ndipo pamenepo panaphuka tsamba la duwa, loimirira, loti ukhoza kuligwira. Ine tsache linagwa m'manja. Ndinaima kumbuyo kwawo kukamwa yasa, mpaka anatembenuka n'kunena kuti, "Felesita, ndinakulemba kuti uzisesa kapena uzindipumira m'khosi?" Ndinati, "Pepani madamu, koma ufawu wauma bwanji popanda moto kapena dzuwa?" Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Atsikana atatu anali atadutsa pa saluniyo, ndipo onse ankangofunsa kuti adzayamba liti kugwira makasitomala; wofunsa za ufa ndinali ine ndekha. Mawa lake anandikokera mpando.

Ufawo amautcha paudala, madzi onunkhawo likwidi, ndipo zikakumana zimauma n'kukhala chinthu cholimba chimene amati akiriliki. A Zelifa anayamba n'kunditsinzinitsa maso. Ankandipatsa paudala kuti ndifikise pakati pa zala n'kunena kuti uyu ndi uti. Wina ndi wosalala ngati ufa woyera wosefa kawiri, wina ndi wamchengamchenga ngati mgaiwa. Wamchengayo ukhoza kumangira chikhadabo chenicheni, koma duwa amalikana, m'mphepete mwa tsamba mumatuluka manomano. Wa maluwa ayenera kukhala wosalala ndiponso wa mtundu wokhathamira, chifukwa tsamba umalikanikiza mpaka lipyapyale, ndipo paudala wa mtundu wofooka akapyapyala amaonetsa zapansi. Anandiletsanso kusakaniza paudala wa kampani ina ndi likwidi wa kampani ina. Ine ndi mutu wangawu ndinayesa mobisa kuti ndione chomwe chichitike, ndipo patangotha masiku anayi duwa langa loyera linasanduka lachikasu ngati mano a wosuta chingambwe. A Zelifa ataona anangoti, "Safunsa anadya phula, koma iwe unafunsa, unauzidwa, n'kudyabe."

Chovuta kwambiri chinali nthawi. Kampira komangira chikhadabo kamafunika konyowa, koma ka duwa kamafunika kouma, bulashi uyambe waipukuta pa kansalu. Ukakaika sukanikiza pompo, umadikira kunyezimira kuzime. Ukafulumira kamayenderera, ukachedwa kamang'aluka. Wotchi ndinalibe, ndiye ndinapeza njira yanga ya Chikatolika: ndikaika kampira ndinkanena Tikuoneni Maria mumtima, ndipo kotentha kwa Lilongwe ndikafika theka la pempherolo, kampira kapsa, kanikiza. Makasitomala ankaona milomo yanga ikugwedera n'kumati mayi uyu ndi wopemphera zedi. Mulungu andikhululukire, ndinkayeza paudala.

Mawu amodzi a Zelifa sindinawamvetse. Kasitomala akabwera akudandaula kuti chikhadabo chathyoka pochapa, iwo ankati, "Thokozani, mayi. Chikhadabo chabwino chimadziwa kuthyoka." Ine mumtima ndinkaseka kuti awa ndi machenjera a bizinesi, akufuna anthu azibwerabwera.

Chaka chachitatu, pa Dedza Boma

A Zelifa atatsegula saluni ina pa Dedza Boma ananditumiza ine, poti n'kwathu, ndipo woyang'anira anaika mlongo wawo, a Dausi. A Dausi anali atagulitsapo zipangizo za galimoto, za zikhadabo sankadziwa kanthu, koma sanali munthu woipa. Chikhulupiriro chawo chinali chimodzi, chakuti chinthu chabwino ndi cholimba, kaya ndi tayala, kaya ndi nsapato, kaya ndi ukwati.

Ndinafika mwezi wa Juni, nkhungu ili tolo m'phiri, ndipo zonse zimene ndinaphunzira zinandithawa. Paudala yemweyo, likwidi yemweyo, bulashi yomweyo, koma kampira osauma. Ndinkanena Tikuoneni Maria mpaka pa Amen, n'kubwerezanso, kampira kali nyezinyezi kundiyang'ana. Ndikakanikiza, tsamba linkaimirira pang'ono kenako n'kugona. Tsiku lina zikhadabo za mphunzitsi wina zinatuluka zoyererayerera pamwamba ngati zawazidwa mchere. Ndinachita manyazi, koma kunena zoona chidwi chinaposa manyazi. Kodi ufa umamva kuzizira ngati munthu? Zikhadabo zapulasitiki zoyeserera zinali zochepa, ndiye ndinapita kwa agogo anu n'kukatenga nthanga za maungu zodzaza chitini, pakuti nthanga ndi chikhadabo msinkhu wake ndi umodzi. Ndinkaumba maluwa pa nthanga m'mawa, masana ndi dzuwa litapendeka, n'kumaziyala pa zenera, iyi ya pamthunzi, iyi ya padzuwa. A Dausi ankadutsa n'kumati, "Mayi Felesita, mukadzala zimenezo mudzatigawireko maungu amaluwa."

Ndinapeza kuti wamantha ndi kuzizira ndi likwidi. Poyamba ndinaika botolo pafupi ndi mbaula, ndipo nditawauza a Zelifa pa foni monyadira anakuwa mpaka foni inalira m'khutu: "Iwe, ukufuna kundiotchera nyumba? Chimenecho chimayaka kuposa petulo!" Ndiye ndinayamba kulifungatira. M'mawa uliwonse ndinkakulunga kabotolo m'kansalu n'kukaika pachifuwa, m'kati mwa bulauzi, n'kumasesa, n'kumatsuka mabeseni, mpaka katenthe ngati thupi. Kasitomala naye ndinkayamba ndamuviika manja m'madzi ofunda n'kumupukuta mpaka aume gwa. Maluwa ndinkaumba pakati pa teni koloko ndi fili koloko, tebulo nditalikokera pa zenera la dzuwa. Ndinaphunziranso kuti paudala alipo wofulumira kuuma ndi wochedwa. Wofulumirayo, amene ku Lilongwe ankatipsetsa mtima, ku Dedza ndiye bwenzi la Juni ndi Julayi. Wochedwayo ndinkamusungira Okutobala. Aphunzitsi, anamwino ndi amayi a m'maofesi a pa Boma anayamba kudzaza benchi, ndipo ine ndinayamba kuyenda ngati munthu wodziwa zinthu.

Chaka chachisanu ndi chiwiri, katundu atasowa

Kenako kunabwera nyengo ija katundu wakunja anasiya kufika. M'mashopu a ku Lilongwe mashelefu a likwidi anali mbee, ndipo a Zelifa anapita okha ku Joni kukasaka, n'kukhalitsa komweko. Botolo lathu linkatsika tsiku ndi tsiku mpaka linatsala zala ziwiri. Tsiku lina a Dausi anabwera kuchokera ku msika wa kumalire atanyamula botolo lalikulu lopanda pepala, lopanda dzina, n'kuliika pa tebulo langa monyadira ngati mlenje. Nditatsegula, fungo lake linandilasa m'mphuno, misozi n'kulengeza. Likwidi yense amanunkha, koma uyu ankaluma. Ndinafunsa kuti wapangidwa kuti, iwo anati, "Wogulitsayo akuti ndi yemweyo, koma wamphamvu. Yesani pa maungu anu aja."

Ndinayesa, ndipo ana anga, ndinagwa naye m'chikondi. Unali mwezi wa Juni, botolo losafungatira, lozizira, koma kampira kanapsa ndisanafike theka la pemphero. Masamba anaimirira njo, opyapyala, akuthwa m'mphepete, ndipo ndinatha kusanjika masamba pamwamba pa masamba mpaka duwa la rozi lenileni, chinthu chimene ku Dedza chinali chisanandithekerepo. Ndinatenga mwala n'kumenya nthanga ziwiri. Duwa la likwidi wakale linasweka. La watsopano linatsala lamphumphu, yophwanyika inali nthanga ya pansi pake. A Dausi anaomba m'manja. Kenako ndinaviika maluwa awiri mu asetoni, mankhwala amene timasungunulira akiriliki pochotsa. Lakale linafewa ngati chingamu madzi a tiyi asanawire, latsopano linakhala m'menemo tsiku lonse n'kungoterera pamwamba basi. Ndinaonanso kuti pa chikhadabo cha munthu silinkagwira pokhapokha utachipala kwambiri ndi fayilo, mpaka chikhale chokhakhala. Zizindikiro zonsezi ndinaziona ndi maso angawa, ndipo m'malo mochita mantha ndinkangoti, koma zinthu zilipo pa dziko! Ndinaumba duwa limodzi pa kachala kanga kakumanzere kuti ndione kuti likhala masiku angati. Amayi a m'maofesi, amene manja awo amagwira cholembera ndi foni, anabwera kudzayamika kuti masabata atatu osathyoka ngakhale chimodzi. Kabotolo kakale ka zala ziwiri kaja ndinakabisa m'chikwama, osati chifukwa cha nzeru, koma chizolowezi cha mayi wosataya kanthu.

Lachinayi, sabata yachiwiri ya Julayi

Tsiku limenelo kunabwera mtsikana wa kwa Kaphuka dzina lake Marita, pamodzi ndi azakhali ake. Ukwati wake unali Loweruka. Anakhala pa mpando manja atawabisa m'chitenje, ndipo nditati atambasule anazengereza. Anali manja a munthu wolima mbatatesi: zikhatho zolimba, ming'alu yodzaza dothi lofiira limene sopo salifika, zikhadabo zazifupi zokhuthala. Anandionetsa chithunzi cha pa foni ya azakhaliwo, manja a mkwatibwi wina wa kutali, maluwa oyera zala zonse khumi. "Anti, zingatheke pa manja ngati angawa?" Funso limenelo linandigwira pamtima. Ndinati, "Mwanawe, khala bwino, lero uona."

Ndikugwira ntchito tinkacheza. Anandiuza kuti akukwatiwa ku banja la Angoni, kutsidya kwa dambo, ndipo akupita chitengwa, kukakhala kwa mwamuna. Azakhali anawonjeza monyadira kuti apongozi ake anamusankha okha atamuona ku dimba. Marita anaseka n'kunena kuti, "Akuti Lamulungu ndipume, koma Lolemba akundidikira, mbatatesi yawo yakhwima." Mawuwo analowa khutu ili n'kutulukira linali, chifukwa mtima wanga wonse unali pa rozi la chala cha mphete. Ndinapala zikhadabo zake mwamphamvu monga likwidiyo ankafunira, ndinazitalikitsa, ndinasanja maluwa oyera zala zonse, ndipo pa chala cha mphete ndinaika rozi la masamba atatu osanjikizana ndi kamwala konyezimira pakati. Pa zaka zanga zonse sindinaumbeponso chinthu chokongola chotero. Marita anakweza manja m'mwamba, anawatembenuza, misozi n'kuyamba kutsika, osatha kuipukuta poopa kuwononga. Azakhali anamupukuta ndi nsonga ya chitenje. A Dausi anajambula zithunzi zambirimbiri, akuti Dedza yense adziwe.

Lachisanu

M'mawa ndinafika kudzatsegula saluni. Chitseko chakunja chinali chachitsulo, ndipo kukazizira chinkalimba. Ndinachikoka ndi manja awiri, chinatseguka mwadzidzidzi, ndipo duwa la pa kachala kanga linakola pa chitsulo. Zikhadabo za akiriliki ndinali nditathyolapo kambirimbiri. Umangomva kuti thyo, n'kutukwana pang'ono, basi. Ili silinathyoke. Linazula chikhadabo changa chenicheni kuchokera mu mnofu, chonse, mpaka ku muzu. Mayo ine! Ululu umenewo ndinaumva mpaka m'mano. Ndinakhala pansi pakhonde magazi ali chuchuchu, ndipo pafupi ndi phazi langa panali duwa lija, lamphumphu, loyera, losang'aluka ngakhale tsamba limodzi. Ngakhale ndinali kulira ndinalitola n'kulitembenuza, chibadwa sichimva ululu. Kunsi kwake kunali chikhadabo changa, chopyapyala chifukwa chopalidwa, chitamatirira. Pamenepo ndiye ndinawamva a Zelifa, patatha zaka zisanu ndi ziwiri: pakakhala ngozi, chimodzi chiyenera kugonja, ndipo ngati akiriliki sagonja, chimagonja ndi chala.

Ndikumanga kachalako ndi nsalu, mawu a Marita anabwerera okha: Lolemba akundidikira. Inu munakulira m'tauni, mwina simudziwa kukumba mbatatesi. Khasu limangogwetsa mzere, koma mbatatesi yeniyeniyo umaifukula ndi zala, kuzilowetsa m'dothi lolimba momwe muli miyala ndi mizu, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika pamutu. Ndinaona zala khumi, chilichonse chili ndi mbedza imene ndinamangirira ndekha.

A Dausi atafika ndinawaonetsa duwa lija pachikhatho n'kunena kuti ndikupita kwa Kaphuka kukachotsa. Anayang'ana bala langa ndipo anamva chisoni ndithu, koma anati, "Mayi Felesita, imeneyo ndi ngozi ya chitseko. Mukapita kukauza mudzi wonse kuti saluni yathu imazula zala, mawa lake abwera ndani kuno? Mtsikanayo anakondwa, musiyeni." Ndinati, "Bwana, Lolemba akakumba mbatatesi." Iwo anati, "Ndiye avale magolovesi." Ndinaseka ngakhale ndinali ndi ululu, mtengwa wa magolovesi ku dimba la apongozi munamuonapo kuti? Pamenepo nkhope yawo inasintha. "Mukatuluka pakhomo pano ndi chikwama chimenecho, musabwererenso." Ndinayesa foni ya a Zelifa, sinkapezeka. Ndinaima pakati pa saluni ndikuganiza za inu awiri, iwe Limbani uli folomu thuu, bambo anu ali chigonere. Ndisakunamizeni kuti ndinalimba mtima. Ndinakhala pansi kawiri n'kudzukanso. Chimene chinanditulutsa ndi kachala kanga, kamene kankagunda ngati ng'oma, n'kumandiwerengetsa kuti ululu uwu kuuchulukitsa kakhumi ndi wotani. Ndinatenga mafayilo onse, chowengera zikhadabo, paudala woyera ndi kabotolo kakale kaja n'kukaponya pachifuwa.

Ndinakwera minibasi mpaka pa Linthipe, kenako njinga yamoto, ndipo ndinafika kwawo kwa Marita dzuwa lili pamutu. Pabwalo amayi anali yakaliyakali ndi migolo ya thobwa, ndipo mkwatibwi anali m'nyumba pa chilangizo, amayi akuluakulu a kutchalitchi akumupatsa mwambo wa banja. Mlendo salowa wamba pamenepo, koma azakhali aja anandizindikira, ndipo poti ndine mayi wapabanja anandilowetsa. Ndinagwada pakhomo n'kupepesa. Marita anali pamphasa atazolika, manja atawayala pa maondo kuti aliyense awaone. Ndinafotokoza zonse, osadzibisa, kuti wolakwa ndine. Amayiwo anangoyang'anizana. Wina anati, "Si nsanje za kusaluni izi?" Ndiye ndinamasula nsalu ya pa kachala kanga, n'kuika duwa lija pamphasa chagada.

Marita analowetsa manja m'khwapa. "Anti, ayi. Chibadwire manja anga sanakongolepo. Anthu amayamika kuti ndi olimba, ngati akunena za ng'ombe. Mawa lokha, anti." Azakhali anati bwanji achotse ukwati ukatha. Ndinawauza kuti zimenezi sizisungunuka ndi mankhwala, n'zofunika kupala ndi fayilo maola atatu, ndipo wodziwa kupala osafika pa mnofu ndine. Mawa madzulo akhala atamuperekeza kale kwa mwamuna. Kodi mtengwa wa tsiku limodzi angakhale pakhonde la apongozi manja ali tambasu, mlendo akumupala zala? Wina anati nanga akawapempha apongoziwo kuti ayambe wapuma sabata. Alangizi onse anaseka mopanda chimwemwe, chifukwa ankadziwa kuti mtengwa wokana dimba chifukwa cha zikhadabo, dzina limenelo amafa nalo.

Wamkulu wa alangiziwo, a Nangondo, mayi wamng'ono thupi wa korona m'khosi, anatola duwa lija n'kuliyang'anitsitsa kunsi. Kenako anati, "Marita, tulutsa manja." Anatulutsa akulira. Tinakambirana mpaka anavomera, koma anagwira chala cha mphete ndi dzanja linalo n'kunena kuti, "Ichi chokha ayi. Rozi ili likalowe m'tchalitchi, mphete idutse pamenepa. Ndidzachisamala, ndidzachipinda pokumba." Ndinamuchonderera, ndinamuonetsanso bala langa, koma anakana kwamtuwagalu. A Nangondo anapumira m'mwamba nati, "Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha. Mayi, chotsani zisanu ndi zinayizo."

Tinakhala kuseri kwa nyumba, padzuwa. Ndinawenga utali wonse, n'kuyamba kupala, chala ndi chala, fumbi loyera lili m'maso, kachala kanga kakutulukanso magazi. Akiriliki ameneyo anadya mafayilo anga anayi. Nditafika pafupi ndi chikhadabo chenicheni ndinkasiya kachikuto kopyapyala, poti pansipo ndinali nditapala kale Lachinayi. Ndiye ndinatulutsa kabotolo pachifuwa, kali kofunda bwino, n'kuumba pa chala chilichonse kaduwa kamodzi kakang'ono, kogona, ka masamba asanu, koti kakakumana ndi mwala kadzagonje kokha. Madontho omaliza anathera pa chala chachikulu chakumanja. Sizinali zonyansa ayi, koma pambali pa rozi lija zinkaoneka ngati ana a sukulu pambali pa mkwatibwi. Ndisananyamuke ndinati, "Marita, ndingofupikitsa pang'ono chabe." Anabisa dzanja kumbuyo, ndipo sananditsanzike.

Zaka za pa Linthipe

A Dausi anasunga mawu awo. Sabata yotsatira ndinayenda m'maofesi ndi m'masukulu kusaka amayi onse amene ndinawaika likwidi uja, ena anandithokoza, ena ananditukwana, ndipo onse ndinawapala. A Zelifa atabwerako ndinamva kuti botolo lija analitaya okha, koma ntchito sanandibwezere, magazi ndi magazi. Patapita mwezi kondakitala wina anandipatsa kaphukusi kopanda kalata. Munali bulashi ya a Zelifa ya ku Joni ndi botolo la likwidi weniweni. Ndi zimenezo ndinayambira tebulo langa pakhonde la shopu ya telala pa Linthipe, limene linakulerani mpaka kumaliza sukulu.

Kuyambira pamenepo likwidi aliyense watsopano ankayamba wadutsa pa nthanga. Wopanda dzina sindinkamulandira, woluma m'mphuno ayi, wokana asetoni ayi, ndipo pa mayeso a mwala ndinkasankha amene duwa lake lasweka. Kasitomala akakhala pampando sindinkayamba n'kufunsa mtundu umene akufuna. Ndinkafunsa kuti, "Manja anuwa Lolemba amagwira chiyani?" Za Marita sindinamve kanthu, ndipo kufunsa ndinkaopa. Anthu a kwa Kaphuka ankabwera pa msika ndi matumba a mbatatesi sabata iliyonse, ine n'kumayang'ana manja a mayi aliyense mobera.

Chaka changa chomaliza, maso atayamba kale kuchita nkhungu, kunabwera mayi wonenepa bwino, mwana kumsana, akutsogolera mtsikana wamanyazi. Anati mng'ono wakeyu akukwatiwa Loweruka. Ndisanafunse funso langa lija, mayiyo anakhala yekha pampando n'kuyala manja ake pa tebulo. Zikhadabo zisanu ndi zinayi zinali zazifupi, zokhuthala, zathanzi. Cha pa chala cha mphete chinali chopindika, chamizeremizere, chofanana ndi changa.

"Anti, mwandiiwala?"

Ndinangoti, "Linali Lolemba lomwelo?"

"Mzere wachitatu," anatero Marita. "Ndinachipinda monga ndinalonjezera, koma mbatatesi ikamatuluka yambiri munthu umaiwala. Panali mwala. Ndinakuwa mpaka a kutsidya anamva. Apongozi anang'amba mpango wawo n'kundimanga, akunditukwana uku akulira, ndipo ndinamaliza mzerewo ndi zotsalazi."

Ndinati, "Mwanawe, ndikhululukire. Ndikanakugwira dzanja mwamphamvu tsiku lija."

Anaseka, natulutsa m'chikwama chithunzi chakutha m'makona: dzanja lake pamwamba pa dzanja la mwamuna wake, mphete, ndi rozi langa lili njo. Ndinachiyandikitsa kumaso, ndipo ngakhale ndi nkhungu yangayo ndinaona kuti linali lokongoladi. "Mukanandigwira ndikanakulumani," anatero. Kenako anagogoda tebulo ndi chala chopindikacho. "Ichi musadziimbe nacho mlandu, n'changa, ndinasankha ndekha. Zanu ndi zisanu ndi zinayizi, ndipo zalera ana anayi."

Anadzuka, anakankhira mng'ono wake pampando, namuuza kuti, "Tambasula manja. Anti akati zifupike, zifupike." Ine ndinalowetsa dzanja m'bulauzi kutulutsa kabotolo, koma ndinayamba ndadikira kaye, chifukwa ndi misozi sindinkaona bwino paudala.